SINGANO YOPANDA ULUSI

Mawu owerenga: Deuteronomo 6:4-9, Miyambo 31:10-31, 2 Timoteo 1:3-7

 Tikuthokoza chifukwa cha mapemphero anu pa ulendo wathu wa ku England, kumene tinakakhala miyezi itatu ndi mwana wathu wamkazi, mkamwini wathu ndi zidzukulu. Tinayenda bwino ndipo tabwerako bwino.

Pa msonkhano wa atsogoleri umene tinachita titangofika, tinatulutsa m'chikwama kankhosa koyera, kotalika ngati chala, ndipo amayi anakalandizana mpaka kanazungulira chipinda chonse. Mayi wina, katswiri pa makina osokera, anakatembenuza uku ndi uku kufuna msoko koma sanaupeze. Wina anakanunkhiza nati mwina nkomata ndi guluu. Tinawauza kuti mulibe msoko, mulibe guluu, mulibe ngakhale mfundo imodzi, ndipo anakapanga ndi mdzukulu wathu wa zaka 9. Nthawi inatichepera tsiku lija, ndiye tinalonjeza kuti tidzalongosola m'kalata ino mmene kankhosako kanapangidwira, ndi zimene Mulungu anatiphunzitsa nako ife a imvi kumutu.

Tiyambe ndi kuulula. Chaka chatha mwana wathu anatiimbira foni kutiuza kuti iye ndi bambo a kunyumba kwake amuchotsa mwana kusukulu, ndipo azimuphunzitsa okha pakhomo. Tinapsa mtima kwambiri. Ife a msinkhu uno tikuudziwa mtengo wa sukulu. Tinkaponda mame a mwezi wa Juni opanda nsapato, atate athu ankagulitsa mbuzi kuti fizi ipezeke, pakuti pulayimale yaulere inabwera mu 1994 ife titakula kale. Anzathu ena, anzeru kuposa ife, analekera panjira chifukwa cha umphawi. Ndiye timve kuti mwana amene tinamuphunzitsa ndi kamalipiro ka unamwino mpaka naye kukhala namwino, wafika kudziko kumene sukulu ili ndi mabuku, mipando ndi zonse, nkuikana? Tinayankhula mawu olasa pa foni paja. Kwa miyezi iwiri panalibe kucheza pakati pathu, koma moni wouma wa pa WhatsApp.

Titafika kumeneko ndi pamene tinamva mutu wa nkhani. Mwanayo anali atasiya kuyankhula. M'mawa uliwonse ankadandaula m'mimba, koma Loweruka ndi Lamulungu m'mimba muli zii. Amene munagwirapo ntchito m'chipatala mukudziwa kuti m'mimba mopweteka kuyambira Lolemba kulekeza Lachisanu simufuna mankhwala a njoka. Anzake ankamuzunza, makolo anakadandaula kangapo, koma zinthu sizinasinthe. Ku England lamulo la maphunziro la 1996 limasenzetsa kholo udindo woona kuti mwana akulandira maphunziro okwanira, kaya kusukulu kaya mwa njira ina, choncho kuphunzitsa mwana pakhomo nkololedwa. Chiwerengero cha boma la kumeneko chinasonyeza kuti chakumapeto kwa 2024 ana oposa 111,000 ankaphunzira motero. Koma wina asaganize kuti ndi njira yofewa. Mabuku amagula ndi makolo, ndalama za mayeso amalipira ndi makolo. Mwana wathu amagwira ntchito usiku kuti masana akhale ndi mwanayo, ndipo bambo ake akaweruka madzulo amatenga masamu. Tinamuona mwana wathu akuodzera pa tebulo, buku lili m'manja, ndipo mtima wathu unayamba kutitsutsa.

Mabanja otere sakhala paokhapaokha. Mumzinda wa Bradford, kumene ana athuwa amakhala, mabanja angapo amakumana kamodzi pa sabata m'holo ya tchalitchi kuti ana asewere ndi kuphunzira limodzi. Ena mwa iwo amatsata maganizo a Charlotte Mason, mphunzitsi wa mpingo wathu womwewu wa Anglican, amene anamwalira mu 1923. Buku lake lotchedwa Home Education linatuluka mu 1886, ndipo linachokera m'nkhani zimene iye anakamba kwa makolo mumzinda womwewo wa Bradford. Taonani zakazo. Mary Sumner anaitana amayi a m'parishi ya Old Alresford mu 1876, mwana wake atangobereka mwana woyamba, ndipo pamenepo ndi pamene Mothers' Union inabadwira. Zaka 10 zokha zikulekanitsa amayi awiriwa, ndipo onse anaona chinthu chimodzi, kuti mphunzitsi woyamba wa mwana ndi kholo lake. Pa ntchito za manja, Mayi Mason ankaphunzitsa kuti ana asapatsidwe zongotayira nthawi koma apange chinthu chenicheni, aonetsedwe pang'onopang'ono, ntchito yothamangira isalandiridwe, ndiponso ntchitoyo ikhale ya msinkhu wawo. Poti Bradford ndi mzinda umene unalemera ndi ubweya wa nkhosa m'zaka za m'ma 1800, nzosadabwitsa kuti ntchito imene tinawapeza akuphunzira inali ya ubweya.

Ntchitoyi Angerezi amaitcha needle felting. Felt ndi nsalu imene siwombedwa ndipo silukidwa, ndi ubweya wokhawokha umene wagwirana mpaka kulimba, monga chipewa cha wilisoni chimene ankavala abambo athu popita kutchalitchi. Chinsinsi chake Mulungu anachiika mu ubweyamo. Ukauona pa maikulosikopu, tsitsi lililonse la nkhosa lili ndi timamba ngati ta nsomba, ndipo timambato tikakhudzana timakolana osamasukanso. Nchifukwa chake juzi la ubweya weniweni ukalichapa m'madzi otentha nkulipikicha kwambiri limachepa nkuuma gwa, loti mwini wake sangalivalenso. Kumeneko kuli nthano yoti Klementi Woyera, bishopu wa ku Roma amene timamukumbukira pa 23 Novembala, pothawa ozunza Akhristu anaika ubweya m'nsapato kuti matuza asamupweteke, ndipo pofika kumene ankapita anapeza kuti thukuta, kutentha ndi kuponda zausandutsa nsalu. Opanga zipewa anamutenga kukhala nkhoswe yawo chifukwa cha nthanoyi. Ndi nthano chabe, pakuti nsalu zotere zinapezeka m'manda a ku Pazyryk ku Siberia, za zaka mazana angapo Ambuye asanabadwe, koma ana aja amaikonda.

Singano yake ndi yachilendo. Ndi yaitali ngati chala, ilibe bowo lolowetsapo ulusi, koma chakunsonga ili ndi timano tating'onoting'ono timene maso athu okalambawa saona bwino. Ukabaya, timanoto timakoka tsitsi la pamwamba nkulilowetsa mkati, singano potuluka nkulisiya momwemo litakolana ndi linzake. Singano zimenezi zinapangidwira makina a m'mafakitale, mmene zimakhala zikwizikwi pa thabwa limodzi, ndipo ndi m'zaka za m'ma 1980 pamene anthu ku America anayamba kutengako imodzi nkumaigwira m'manja. Zili ndi manambala: ya 36 ndi yonenepa, yoyambira ntchito, ya 38 ndi ya pakatikati, ya 40 ndi yosalazira pomaliza. Nambala ikamakwera singano imaonda, monga momwe zilili ndi singano za jakisoni, paja ya 25 ndi yoonda kuposa ya 21. Pansi amaika siponji yokhuthala. Ubweya amaukulunga molimba, kenako nkumabaya, kutembenuza, kubayanso, kutembenuzanso. Poyamba suona chilichonse chikusintha, ndipo munthu wopanda chipiriro amasiyira pomwepo. Koma pakapita kanthawi kampukutu kaja kamayamba kuchepa ndi kulimba, ndipo singano imayamba kumveka ngati phazi loponda mchenga. Kankhosa kamene munakagwira kaja kanatenga masana atatu.

Ife tinakhala pa tebulo paja ndi mtima wodzikuza. Zaka zoposa 30 takhala tikubaya jakisoni. Mitsempha ya makanda tinkaipeza usiku ndi nyali ya galasi magetsi atazima. Singano yopanda ngakhale mankhwala itiuza chiyani? Amayi anzathu, mu ola limodzi tinathyola zitatu, nkudzibaya chala chamkombaphala mpaka magazi kudonthera pa ubweya woyera. Pamenepo mdzukulu wathu, uja anasiya kuyankhula uja, anagwira dzanja lathu nati m'Chichewa chake chotsimphina: "Agogo, musakhotetse. Mmene yalowera, ituluke momwemo. Ndiponso musamenye, muzingogogoda." Tinayang'ana amayi ake, ndipo iwo anayang'ana pansi.

Usiku umenewo tinatsegula Deuteronomo 6, mutu umene tauwerenga kambirimbiri, koma unaoneka watsopano. Mose potsanzikana ndi Aisraeli sanawauze kuti asankhe aphunzitsi oti aziwatumizira ana. Anati mawu a Mulungu ayambe akhazikika mumtima mwa kholo, ndipo kenako anatchula nthawi za tsiku wamba, m'nyumba, panjira, usiku ndi m'mawa. Odziwa Chihebri amati liwu limene lili pa vesi 7, limene ife timati kuphunzitsa, limachokera ku liwu la kunola. Tonse tikudziwa kuti mpeni sunoleka ndi kukhudza mwala kamodzi. Kubaya kumodzi kwa singano ija sikuoneka, kwachiwiri sikuoneka, ngakhale kwa 100 sikuoneka, koma palibe kumene kwapita pachabe, ndipo chinthu chikagwirana motero sungachimasule ndi manja. Pemphero la pa chakudya, kavesi ka pogona, nyimbo ya pochapa, funso la panjira yochokera kuchigayo, chilichonse mwa izi nchochepa moti tingachite nacho manyazi kuchitchula pa lipoti la pachaka, koma chikhulupiriro cha mwana chimagwirana ndi zimenezi.

Vuto lathu ndi loti timafuna guluu. Timafuna msonkhano umodzi waukulu wa achinyamata, kapena miyezi ingapo ya kalasi yokonzekera kusanjikidwa manja ndi Ambuye Bishopu, kapena chilangizo cha usiku umodzi mwana akatha msinkhu, kuti zimenezo zimate zimene ife sitinachite zaka khumi. Mwana akasokonekera timathamangira kwa Bambo wansembe, kapena kuloza chala aphunzitsi a Sande Sukulu, amene amakhala naye ola limodzi pa sabata pamene ife tili naye masiku onse asanu ndi awiri. Zomata zimamatuka mvula ikagwa. Pa ubatizo tinaimirira pamaso pa mpingo, ife ndi ankhoswe a ubatizo, nkulonjeza kuti mwanayu tidzamulera m'chikhulupiriro, ndipo cholinga chimodzi cha bungwe lathu ndi kulimbikitsa makolo pa lonjezo lomwelo. Paulo polembera Timoteo sanatchule sukulu imene mnyamatayo anaphunzirako, anatchula agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Machitidwe 16:1 akutiuza kuti bambo a Timoteo anali Mgriki. Inu amayi amene mumabwera kutchalitchi nokha, bambo atatsala kunyumba kapena kumowa, musataye mtima, pakuti pakhomo pa Yunike panatuluka mtumiki amene makalata awiri a m'Baibulo ali m'dzina lake.

Tsopano za kuthyoka kwa singano, pakuti apa ndi pamene mawu a mdzukulu wathu anatilasa. Chitsulo chake ndi cholimba koma sichipindika. Ukalowetsa choongoka nkutulutsa chokhota, imathyoka. Kodi si mmene tikuthyolera chiphunzitso chathu m'makomomu? M'mawa timuuza mwana kuti bodza ndi tchimo, masana akabwera a banki m'khonde kudzatenga ngongole timutuma kuti, "Kawauze kuti amayi achokapo." Timuuza kuti azilemekeza akulu, madzulo nkumadya miseche ya apongozi iye ali pomwepo akuphika. Mawu alowera uku, zochita zatulukira uko. Mwana sayankha, koma amaona.

Imathyokanso ukabaya ndi mphamvu. Apa tiyankhule ngati anamwino. Tamangapo mabala a ana amene anawotchedwa manja ndi makolo awo chifukwa choba ndiwo mumphika kapena ndalama yochepa. Taonapo khutu loboola ndi khofi, ndi mkono wothyoka umene mayi ake ankati anagwa mumtengo wa mango pamene si nyengo ya mango. Ena mwa makolo amenewo anali ovala yunifolomu za mipingo. Sitikunena kuti mwana asadzudzulidwe, ayi, singano ija ndi yakuthwa ndipo imalowa ndithu. Koma Aefeso 6:4 ndi Akolose 3:21 akuchenjeza makolo za kukwiyitsa ana mpaka kuwafooketsa mtima. Ndipo choopsa cha singano yothyoka ndi ichi: nsonga yake imatsalira mkati. Kunja kankhosa kamaoneka bwinobwino, koma tsiku lina wina akadzakafinya kadzamubaya. Aphunzitsi a ana aja salola kuti ntchito ipitirire mpaka nsongayo itafunidwa nkuchotsedwa, ngakhale pafunike kung'amba. Alipo amayi pakati pathu a zaka 50 kapena 60 amene akuyendabe ndi nsonga ya mawu amene anauzidwa ali ana, akuti ndiwe chitsiru, ndiwe wonyansa, sudzapindula kanthu, ndipo lero nsongayo ikubaya amuna awo, ana awo ndi anzawo a mu mpingo. Ngati tikudziwa kuti tinathyolera nsonga mwa mwana wathu, kaya ndi wamkulu kale, tiyeni tikaifune. Kholo kupepesa kwa mwana si kutsika.

Za kudzibaya chala sitichulutsa. Munthu amadzibaya akachotsa maso pa ntchito. Ife tinadzibaya chifukwa foni inalira m'chikwama ndipo tinacheuka. Aliyense adzifunse kuti pa tsiku maso ake amakhala nthawi yaitali pati, pa mwana kapena pa foni.

Chinthu chimene chinatigwetsa misozi ndi kalumikizidwe ka miyendo. Mdzukulu wathu popanga mwendo wa nkhosa ankaulimbitsa wonse, koma kumtunda kwake ankasiyako ubweya wofewa, wanyankhalala, wosabaya. Tinamufunsa kuti bwanji sukumaliza. Iye anati, "Agogo, ndikalimbitsa konse sugwira. Pamafunika pofewa poti ulowere m'thupi." Ndipo ndi zoona: zidutswa ziwiri zimene zauma gwa mbali zonse sizilumikizika, ungabaye chotani. Ife ndi mwana wathu tinali zidutswa ziwiri zotero. Ife tinauma pa chilungamo chathu choti sukulu ndi chuma, iye anauma pa chilungamo chake choti mwana wake akuvutika, ndipo tonse tinali ndi mfundo. Mawa lake m'mawa, iye atabwera ku ntchito, tinamuphikira tiyi nkumuuza kuti, "Mwananga, tinakuweruza tisanamve. Utikhululukire." Sanayankhe msanga. Kenako anati, "Amayi, nanenso ndimaopa. Sindikudziwa ngati ndikuchita bwino." Miyezi yonse ija iye ankafuna munthu woti amuuze mantha akewo, koma mayi ake omubereka tinali titatseka khomo. Aefeso 4:16 amakamba za thupi la Khristu lolumikizika pa mfundo iliyonse. Timawerenga vesi limeneli pa misonkhano, koma m'nthambi zathu zina muli amayi awiri amene sanapatsane moni kuchokera pa chisankho chapitacho, onse okhulupirika, onse opereka, onse ouma mbali zonse.

Wina afunsa kuti, kodi tsopano mukuti tichotse ana kusukulu? Ayi ndithu. Maganizo athu pa sukulu sanasinthe, ndipo ngakhale mwana wathu tinamuuza kuti tikupemphera kuti mdzukuluyo akalimba mtima adzabwerere pakati pa anzake. Kuno kwathu lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo ambiri a ife tilibe mabuku, nthawi kapena maphunziro oti tingalowe m'malo mwa aphunzitsi. Mtsikana wa kumudzi akachoka pasukulu sapita ku tebulo la amayi ake, amapita ku banja. Koma tikumbuke kuti nafenso tinakhalapo aphunzitsi a pakhomo mosafuna. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo ana anayamba kubwerera mu Sepitembala ndi Okutobala. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsanso sukulu m'chigawo cha kummwera. Kodi miyezi imeneyo tinachita nawo chiyani ana athu? Tonse tikudziwa atsikana a m'maparishi mwathu amene sanabwererenso m'kalasi chifukwa cha mimba ndi maukwati. Sukulu itatseka zinaoneka poyera kuti m'makomo ambiri munalibe chimene kholo ndi mwana amachitira limodzi.

Miyambo 31 timaikonda pa zilangizo za ukwati ndi pa maliro a amayi, koma timathamangira ku mavesi otamanda nkudumpha manja a mayiyo. Werengani bwino muone kuti pa vesi 13 akufuna ubweya ndi thonje, pa vesi 19 akupota, pa vesi 20 manja omwewo akufikira osauka, ndipo pa vesi 26 ndi pamene akutsegula pakamwa kuphunzitsa. Dorika wa ku Yopa atamwalira, amasiye sanamuonetse Petro maulaliki ake, anamuonetsa zovala. Kale kusukulu atsikana tinkaphunzira kusoka ndi kuluka, anyamata ankasema mipini ndi kuluka madengu, ndipo amayi ambiri a mpingo wathu anakaphunzira ntchito zotere ku Chilema. Lero kaunjika watipeputsira zovala, ndipo mwana akaona batani lathothoka amati malayawo atha. Chimene tataya si luso lokha. Tataya mphasa ija imene mayi ndi mwana ankakhalapo limodzi manja ali pa ntchito. Anamwino timadziwa kuti wodwala sanena zakukhosi ukamuyang'ana m'maso ndi cholembera m'manja, amanena pamene wawerama ukutsuka bala. Mwananso ndi chimodzimodzi. Zonse zimene zinamuchitikira mdzukulu wathu kusukulu kuja anatiuza yekha, osafunsidwa, tsiku lina masana maso ake ali pa singano, athunso ali pa singano. Ukamuitana mwana kuti, "Khala apa tikambirane," amauma pakamwa. Koma potongola chimanga, posankha nyemba, poluka, nkhani zimatuluka zokha.

Choncho amene alibe ubweya asadandaule. Mkeka, dengu, chipewa cha mlaza, kuluka ndi koloshi, kuumba ndi dothi, kusoka zigamba kukhala chofunda, zonsezi zikugwira ntchito yomweyo, bola kholo likhale pansi ndi mwana, mnyamata ndi mtsikana yemwe, ndipo chinthucho chimalizidwe bwino. Koma kwa amene mwakopeka ndi kankhosa kaja, nazi zimene muyenera kudziwa. Nkhosa zathu zambiri kuno zili ndi tsitsi lalifupi lokhakhala ngati la mbuzi, ndipo siligwirana bwino. Thonje nalo lilibe timamba tija. Ubweya wabwino, monga wa nkhosa za merino, umapezeka ku South Africa ndi ku Lesotho, choncho amene muli ndi ana ku Johannesburg kapena ku Cape Town mungawatume, pamodzi ndi singanozo, pakuti singano yosokera singagwire ntchitoyi. Njira ina ndi ya pa kaunjika pomwepa. Funani juzi la ubweya weniweni, ngakhale lobooka. Poliyesa, thotholani kaulusi nkukayatsa ndi machesi: ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limafumbutuka m'zala, pamene ulusi wa pulasitiki umasungunuka nkusiya kampira kolimba. Mukalipeza, limasuleni, dulani ulusiwo m'tizidutswa, nkuupesa pakati pa mabulashi awiri a waya mpaka ubwerere kukhala wofewa. Majuzi ena a ubweya anakonzedwa kufakitale kuti asachepe pochapa, ndipo amenewo amavuta kugwirana, ndiye yesani kaye kochepa.

Pa za chitetezo tikupemphani kuti mumvere ndithu. Singano imeneyi ndi yakuthwa kwambiri ndipo si ya ana aang'ono. Ana a mkaka ndi a makalasi oyambirira apatseni ubweya, madzi ofunda ndi sopo, azikulunga m'manja mpaka upange timipira. Nawonso umagwirana, ndipo ana amasangalala ndi thovulo. Okulirapo ayambe ndi zinthu zafulati pa siponji, monga mtanda kapena nsomba, zala zili kutali, ndipo wamkulu akhale pambali nthawi yonse. Chikopa cha nsapato yakutha mungasoke kukhala tizivindikiro ta chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mwana aliyense akhale ndi singano yakeyake. Singano imene yabaya munthu mmodzi isapite m'manja mwa wina, chifukwa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B amayenda m'magazi, ndipo sitifunsana za magazi pa msonkhano wa amayi. Wina akadzibaya asambe pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda, aphimbe, ndipo ngati nsonga yatsalira m'thupi kapena bala layamba kutupa apite kuchipatala, akafunsenso za katemera wa kafumbata. Zothyoka muziponya m'botolo lotsekera, osati kudzala kumene ana amasewera opanda nsapato.

Tinabwera ndi singano 24 ndi ubweya woyera wokwanira kuyambira. Tagwirizana ndi atsogoleri anzathu kuti tiyambe ndi tinkhosa ta m'khola la Khirisimasi, ndipo nthambi iliyonse imene ikufuna itumize amayi awiri kudzera kwa mlembi wa parishi, kuti akaphunzira akaphunzitse anzawo. Siponji aliyense abwere nayo, ya matiresi akutha ikwanira, yokhuthala ngati zala zinayi. Ndipo mayi aliyense abwere ndi mwana wa zaka 9 kapena kuposerapo, wake, mdzukulu, kapena wamasiye wa pafupi naye. Obwera okha tidzawabweza akatenge mwana.

Ambuye akhale nanu nonse.